Maliro a a Evaristo Analipiridwa Iwo Akali Moyo

A Evaristo Njobvu anafika ku Kafue kuchokera ku Katete ali mnyamata wopanda ndevu, atamva kuti kampani ya njanji ikulemba anthu. Anagwira ntchito yokonza njanji mpaka msana unapindika. Sanali munthu wa mowa kapena wa akazi. Vuto lawo linali loti ndalama sizinkagona m'thumba mwawo: wachibale akangodandaula, iwo dzanja lapisa kale. Mkazi wawo ndiye ankagwira chikwama, ndipo mayiyo atamwalira, a Evaristo anatsala ngati nyumba yopanda chitseko.

Penshoni itatuluka, anaipereka yonse kwa mwana wawo mmodzi yekhayo, Lighton, kuti amalize nyumba ku Nangongwe, komboni ya mu Kafue momwemo.

"Undisiyireko kachipinda kumbuyo, basi," anatero.

Anawasiyiradi kachipinda, kamene poyamba kanali kosungiramo makala.

Lighton ankanyamula matumba pa fakitale ina ku Industrial. Malipiro ake ankafikira m'manja mwa mkazi wake Prudence, amene ankagulitsa nsomba zouma pamsika. Ku Nangongwe konse ankadziwa kuti Prudence ndi mkazi wodziwa kusunga nyumba. Mwezi ukatha ankakhala pamphasa, n'kugawa ndalama m'zitini zakale za mkaka: cha unga, cha makala, cha magetsi, cha sukulu ya mwana wawo Yande, cha chakhumi. Chitini sichinkabwereka kwa chinzake. Magetsi akatha mwezi usanathe, banja lonse linkadya nshima kunja kukali kowala. Ku tchalitchi ankamuimiritsa kuti aphunzitse akazi ongokwatiwa kumene, ndipo a Evaristo nawo ankamunyadira mpongozi wawoyo.

Chaka china kwa aneba kunagwa maliro, ndipo banjalo linagulitsa mpaka mipando kuti ligule bokosi ndi kudyetsa anthu. Prudence anaziona zonsezi. Posakhalitsa pamsika panabwera mnyamata wa tayi wolembetsa anthu inshuwalansi ya maliro: umalipira pang'ono mwezi uliwonse, ndipo wolembetsedwayo akamwalira, kampani imapereka ndalama. Madzulo ake a Evaristo ali m'kachipinda kawo anamva zonse, poti khoma lake silinkafika kudenga.

"Ndalama sizingakwane tonse, atake Yande," anatero Prudence. "Imwe na ine tikali na mphamvu. Amene ali pafupi ni batate. Tilembetse iwo chabe."

Lighton anangoti, "Mmene waonera."

Chitini chatsopano chinawonjezeka pamphasa. A Evaristo sanakhumudwe poyamba. Anaganiza kuti n'chikondi, kuti ana sakufuna adzaikidwe ngati galu.

Kenako anayamba kumva chizungulire, miyendo n'kumatupa. Ku kiliniki anati ndi BP. Mankhwala akakhalapo ankawapatsa, akasowa ankawalembera kapepala kokagulira ku famasi. Tsiku lina anaima patali ndi khomo la khitchini, monga amachitira munthu kwa mpongozi wake, kapepalako kali m'manja.

"Amake Yande, akuti tigule awa."

Prudence anakawerenga n'kuwabwezera. "Batate, palibe chitini cha mankhwala."

"Nanga chija cha bokosi langa? Tengamoni mwezi uno wokha. Bokosilo silikuthawa."

"Tikalumpha kulipira, zonse zimene taikamo zapita. Mufuna titaye ndalama za zaka zonsezi chifukwa cha mapilisi amene mukamwa lero mailo mufunanso ena?"

A Evaristo anapita kwa Lighton, amene ankapopa njinga pabwalo. Mwanayo sanadzutse n'komwe mutu. "Batate, ndalama zili na amake Yande. Ine ningachite bwanji?"

Kuyambira pamenepo a Evaristo anayamba kuona zimene poyamba sankaziona. Dzira linkapita kwa Lighton chifukwa amagwira ntchito, ndi kwa Yande chifukwa akuphunzira. Iwo ankalandira msuzi ndi mutu wa nsomba. Akatsokomola, m'khitchini mbale zinkasiya kulira, ngati munthu akumvetsera. Dzinja lina anadwala mpaka kulephera kudzuka. Ali chigonere anamva fungo la nsalu yotentha, ndipo atasuzumira pakhomo anaona Prudence akusita suti yawo yakuda imene anavala pa ukwati wa Lighton. Pabwalo panali patasesedwa bwino, nkhuni zitaunjikidwa pakona.

Koma anachira. Anadzuka, napempha phala. Prudence anapinda sutiyo n'kuibwezera m'sutikesi, ndipo sabata yonse sanawapatse moni.

Imfa itabwera, inadzera kwina. M'mawa wina Lighton akupalasa njinga kupita kuntchito, thiraki inamugunda pamsewu waukulu. Anafera pomwepo. Kampani ya inshuwalansi inati dzina lake silinalembetsedwe, ndipo inkanena zoona. Zitini zonse zinakhuthulidwa tsiku limodzi, firiji inagulitsidwa, bokosi linakhomedwa ndi kalipentala wa kuseri kwa msika ndi matabwa osapala. A Evaristo anakhala pampando pafupi ndi moto wa pamaliro, osatha ngakhale kulira.

Anthu atabalalika, Prudence anatuluka atavala zakuda, maso atatupa. Anaima pamaso pa a Evaristo, chinthu chimene sanachitepo chikwatiwire.

"Imfa inaphonya chipinda," anatero. "Zaka zonsezi nakhala nikulipirira imwe. Imwe muli apa mukupuma, mwamuna wanga ali m'matabwa a tomato."

"Mwana wanga uja, amake Yande. Ndinam'bereka ndine."

"Ndiye mukanam'tsogolera."

Mwezi usanathe anawauza kuti kachipinda kaja wapeza munthu wa lendi, poti tsopano nyumba ilibe wolandira malipiro. A Evaristo sanakumbutse za penshoni yawo imene inagula malata ndi simenti. Analibe pepala lililonse, ndiponso analibe mphamvu zokangana. Yande anawanyamulira sutikesi mpaka pokwerera, akulira, koma amayi ake atamuitana anabwerera.

A Evaristo anapita ku Chanyanya, kugombe la mtsinje wa Kafue, kwa a Fackson, mnzawo wakale wa ku njanji amene tsopano ankawamba nsomba. A Fackson anawapatsa pogona m'khumbi, ndipo ntchito yawo inali kukhala pafupi ndi thandala n'kumaingitsa akhwangwala ndi agalu. Kumeneko ankadya nsomba yathunthu, ndipo kutupa kwa miyendo kunayamba kuchepa.

Prudence sanasiye kulipira. Amalonda anzake akabwera kudzaoda nsomba ankawauza a Evaristo moseka kuti, "Apongozi anu afunsa ngati mukali kuyenda." Nthawi zina ankabwera yekha. Sankafika pathandala. Ankaima chapatali pamodzi ndi a Fackson, n'kumalankhula motsitsa mawu, maso ake akuyeza nkhalambayo kuyambira kumapazi.

Tsiku lina mphepo ya Juni ikuwomba, a Evaristo anamugwira dzanja mnzawoyo.

"Fackson, tinanyamula njanji limodzi. Ndikupempha chinthu chimodzi. Ndikafa, undikulunge mumphasa, undiike konkuno. Usamuuze mkazi uja. Alipire mpaka atope."

A Fackson anaseka mpaka kutsokomola. "Usade nkhawa, mnzanga. Sadzamva kanthu kwa ine."

A Evaristo anakhulupirira, monga ankakhulupirira aliyense moyo wawo wonse. Masiku otsatirawo ankaoneka opepukidwa, mpaka ankaimba nyimbo za kwawo ku Katete akuingitsa mbalame.

Anamwalira m'mawa wina ali chikhalire pa chitsa chawo, ndodo ili pamiyendo. Amene anazindikira ndi mayi wina wogula nsomba, ataona akhwangwala akudya pathandala popanda wowaletsa. A Fackson anabwera, anawatseka maso, anawafunditsa chitenje. Kenako anayenda pang'ono kukwera pachulu pamene foni imagwira bwino, n'kuimbira Prudence. Mkaziyo anali atawalonjeza kalekale kuti akadzamuuza msanga sadzawaiwala.

Prudence anafika masana omwewo pa kagalimoto kobwereka, mapepala onse ali m'chikwama. Ndalama zinatuluka mosavuta. Anagula bokosi lotsika mtengo kuposa onse, anaphika kabichi, ndipo maliro anatha tsiku limodzi. Kwawo ku Katete uthenga unafika iwo ataikidwa kale. Zotsalazo analipirira Yande sukulu ya unamwino, nagulanso firiji ina. Akazi a ku Nangongwe anagwedeza mitu n'kumati, "Koma mkazi uja amaona patali."

A Fackson analandira thumba limodzi la unga. Mpaka lero akakhala ndi anzawo kugombe amadandaula kuti mkazi uja ndi wouma mtima: anawalonjeza unga woyera wa bulekifasi, koma anawatumizira wa lola, mgaiwa wotsika mtengo.