Nkhumba ya Mang Tiburcio

Ku Divisoria, msika waukulu wa ku Philippines, aliyense amapikula katundu ndi macheke olembedwa tsiku la m'tsogolo, koma palibe amene ankawakonda ngati Mang Tiburcio, ogulitsa mapatapata. Chuma chawo chenicheni chinali njinga yamoto ya matayala atatu yonyamulira katundu, imene ankaipukuta kuposa nkhope yawo.

Chaka china anapikula ndi cheke mapatapata a mapeso 180,000 kwa Aling Salvacion, amene anaimirira mwana wawo pa ubatizo. Chifukwa cha ubale wa pa ubatizowo, iwo ankawatchula mayiwo kuti Mare, mayiwo n'kumawatchula kuti Pare. Banki inachikana chekecho, poti mu akaunti munali mphepo yokhayokha. Aling Salvacion atakasuma, loya wa Mang Tiburcio anawanong'oneza kuti munthu samangidwa popanda umboni woti analandira yekha kalata yomudziwitsa. Kuyambira pamenepo, wa kupositi akatulukira, Mang Tiburcio ankanamizira kuti iwo ndi mlamu chabe wa Tiburcio.

"Tiburcio? Anapita kumudzi ku Bicol. Inenso ndikumufuna."

Mlandu unatenga zaka zitatu. Tsiku la chiweruzo, Mang Tiburcio atangomva kuti sanapezeke olakwa, anatuluka kukaimba foni yoitanitsa nkhumba yootcha. Jaji n'kuti akuwerengabe.

Lamlungu Mang Tiburcio anapachika chinsalu chachikulu chokhala ndi nkhope yawo, naitana msika wonse. Aling Salvacion anafika atatchena, n'kudzaza mbale ndi khungu lokhalokha.

"Mare, musasunge mangawa," anatero Mang Tiburcio. "Khoti ndi khoti. Idyani."

"Ndikudya, Pare. Nkhumba yanga yomwe ndiisiye?"

"Yanu bwanji?"

"Munathamanga msanga. Kundende simupita, zoona. Koma jaji anapitiriza kuti ngongole ikadalipo, ndi chiwongoladzanja cha 6 pa 100 pachaka. Zonse ndi 212,400. Mukalephera, sherifu adzatenga chija."

Analoza njingayo ndi milomo, n'kupitiriza kutafuna.

Mang Tiburcio anayang'ana loya wawo. Loyayo anali atatanganidwa kwambiri ndi nthiti.

"Mare," anatero Mang Tiburcio motsitsa mawu, "ndife achibale pamaso pa Mulungu. Ndikulembereni cheke china."

"Makiyi, Pare."

Anagwirizana pomwepo, alendo akuimba. Njinga ikhala ya Aling Salvacion mpaka ngongole ithe, ndipo theka la malipiro a woyendetsa lizilowa kungongoleko. Woyendetsayo ndi Mang Tiburcio. M'mawa uliwonse amadutsa pamsika atanyamula mapatapata a eni ake, akuliza hutala ngati kale. Aling Salvacion akawerengera, amati njingayo idzabwerera pa Khirisimasi ya chaka chamawa. Mang Tiburcio akawerengera okha, amapeza kuti idzabwerera msanga, pa Pasaka.