Legeni wa njinga pamkono wa Misozi

Lachiwiri ndinafika kunyumba ku Kapata n'kupeza legeni wanga womangira katundu panjinga palibe. Nditazungulira kuseri ndinamupeza atakulungidwa pamkono wa mwana wanga Misozi, kufupi ndi kukhwapa. Mwanayo ali kalikiliki kukweza ndi kutsitsa botolo la mafuta ophikira, zala zitayamba kutuwa.

Ndinakuwa mpaka aneba anasuzumira pampanda.

"Adadi, osakuwa, ni matreningi chabe," anatero.

Misozi amasewera kiriketi, ndipo ntchito yake ndi yoponya mpira. Mwezi watha anavulala chigongono, ndiye achipatala anamuletsa kunyamula zitsulo zolemera, pomwe mpikisano wosankha timu ku Lusaka uli pakhomo. Ataona pafoni kuti oponya akunja amamanga mkono kuti magazi aziyenda pang'ono, n'kumanyamula zopepuka, anakumbukira njinga ya bambo ake.

M'mawa mwake ndinamutengera kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene amachititsa mafizo kuchipatala. Ndinkafuna amukalipire. Amene anaphunzitsidwa ndine.

"A Phiri, njira iyi ni yeniyeni," anatero mayiwo. "Magazi akachepa, minofu imavutika monga yanyamula thumba la simenti, koma chigongono sicilemedwa. Ise timamanga na lamba wopopa, timapima, mphindi zing'ono chabe. Manje legeni? Mungaphe mitsempha, mwana n'kukangiwa kugwira olo supuni."

Kenako anandimanga ine lambayo n'kundipatsa kabotolo ka madzi. Abale inu! Ine amene ndimakweza matumba a mtedza ku Chipangali, kabotoloko kananditulutsa thukuta. Mkono unatentha, ndinapempha chikhululuko, Misozi akugubuduka ndi phwete. Ndinasangalala ngati mwana. Zoterezi zikuchitika ku Chipata konkuno, ndipo wanga ali momwemo!

Koma taonani mmene timachitira ife. Chachilendo chikabwera, ena timati ndi misala, ena timangotengera osayeza. Ndi angati akumwa mankhwala, kudzola zinthu kapena kusala zakudya chifukwa foni yanena? Foni imakuonetsa mkono wotupa ndi mphamvu, koma siikuuza kuti lambayo anamuyeza ndani.

Pobwerera ndinayamba kulalikira kuti safunsa anadya phula. Misozi anandisiya ndimalize.

"Nikanafunsa ndani, adadi? Imwe mumati kiriketi ni maseŵera a anthu osoŵa cocita. Simunabwereko olo kamodzi kudzaniona nikuponya."

Manyazi anandigwira kwambiri. Zaka zitatu mwana akuponya, ine osadziwa ngakhale dzanja limene amaponyera.

Tsopano azipita kwa mayi aja kawiri pamlungu, ndipo Loweruka ndikakhala kubwalo kuwomba m'manja, ngakhale malamulo sindikuwadziwa. Za ku Lusaka tidzaona, koma mkono wapulumuka.

Nanga inu, mwana wanu akamakafunsa foni zinthu zoti zikhoza kumulumaza, munamuyankha chiyani tsiku lomaliza limene anafunsa inuyo?