Mapazi a Desmond Pickersgill

Desmond Pickersgill wa ku Barnsley anafapo kambirimbiri kuposa munthu aliyense m'tauniyo, koma nthawi zonse ankabwerera kunyumba tiyi asanazizire. Ntchito yake yeniyeni inali yoyendetsa basi. Loweruka lokha ndiye ankakasanduka mtembo m'mafilimu oopsa koma oseketsa, aja oti mutu wa munthu ukugubuduzika pamasitepe, wansembe ali kalikiliki kufunsa alendo ngati awonjezere bisiketi.

Tsoka lake, opanga mafilimuwo ankangomufunira mapazi. Anali aatali, otuwa, zala zake zotayana ngati abale okangana pamaliro. Ankamufunditsa nsalu yoyera mpaka kumutu, mapaziwo n'kuwasiya pamtunda. Zaka zonsezo nkhope yake sinaonekepo, ndipo zinayamba kumuwawa kwambiri pamene mkazi wake Glenys anayamba kuona mwachimbuuzi. Dokotala anati chaka chamawa mayiyu sadzaonanso kanthu. Desmond ankafuna kuti Glenys amuone nkhope pakanema, kamodzi kokha basi.

Anachonderera mpaka mufilimu ina anamulowetsa m'gulu la akufa odzuka kumanda, opanda nsapato, oti akathyole bala n'kudya omwa mowa. Mwini filimuyo, mtsikana wina dzina lake Tamsin, anamuika kutsogolo kwenikweni.

"Bambo Pickersgill, mukafika pakhomo kankhani aliyense. Ndinu chilombo, mwamva?"

"Ndamva, mwanangu."

Kumva anamvadi, koma khalidwe la munthu silifera limodzi naye. Atatsegula chitseko anaona kuti kumbuyo kwake kuli mtembo wa mayi wachikulire, diso likulendewera patsaya. Anapatuka, chitseko chili m'manja.

"Tsogolani ndinu, mayi."

Atalowa mayiwo panabwera wina, kenako winanso. Kumutsekera munthu chitseko pamaso ndi mwano, ngakhale munthuyo akhale wakufa. Mitembo yonse inalowa pamzere ikuthokoza. Pamene Desmond ankati naye alowe, anaterereka pamagazi abodza n'kugwa chagada kuseri kwa chitseko. Tamsin anaseka mpaka misozi, nati zikhale momwemo, sajambulanso.

Filimuyo itatuluka, Desmond anapita ndi Glenys kukaionera, nakhala mipando yakutsogolo. Akufa anadutsa mwaulemu, holo yonse ili kikiki. Za Desmond kunaoneka dzanja logwira chitseko, kenako mapazi awiri ataloza kumwamba, atadzaza chinsalu chonse cha kanema.

"Pepa, Glenys," ananong'ona Desmond. "Nkhope sinaonekenso."

"Takhala chete iwe, ndikuonera mwamuna wanga." Glenys sanachotse maso kutsogoloko. "Nkhope za enawa kwa ine ndi utsi wokhawokha. Koma taona zalazo kukula kwake. Izi ndiye ndikuziona bwinobwino, chilichonse pachokha."

Anafufuza dzanja la Desmond, naligwira zolimba osalisiya.

"Komatu zikhadabozo ndinakuuza kuti uwenge."