Mapu a Achimwene

Uthenga woti ndapeza malo ku yunivesite ya ku Ulaya unandipeza ndikuphunzitsa Fomu 2 pasukulu ina pafupi ndi Mua. Ndinauwerenga pafoni nditabisala kuseri kwa kalasi, choko chili m'manja. Chaka cham'mbuyo ndinali womasulira wa pulofesa wina wachizungu amene ankafufuza za malamulo a usodzi m'madooko a kwathu ku Mtakataka, ndipo ndi iyeyo anandithandiza kupeza malowo. Sindinapemphe nzeru kwa aliyense. Ndinangopita kunyumba kukanena kuti ndikunyamuka.

Mayi analira. Achimwene a Sitefano, amene anandiphunzitsa ndi ukonde wawo bambo atamwalira, anaseka mpaka kutsokomola.

"Pita, Tereza. Ukawauze azunguwo kuti sitipha nsomba zazing'ono chifukwa cha umbuli ayi. Timadziwa bwino lomwe. Kungoti mimba siidziwa kuti nyanja yatsekedwa."

Mzinda umene ndinafikira unali m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Kunkazizira moti mano ankachita kuwawa. Chipinda changa chinali chaching'ono, chotentha bwino, ndipo pankatha masiku atatu osamva munthu akunditchula dzina. Woyandikana naye khomo ndinakhala naye zaka ziwiri, koma chimene ndimadziwa za iye ndi nsapato zake basi. Lamulungu ndinkapita kutchalitchi, osati chifukwa cha chikhulupiriro, koma kuti wina andigwire chanza pa nthawi yopatsana mtendere.

Pawindo la kalasi yathu pankaoneka doko. Zombo zimene zinkakocheza pamenepo, chimodzi chokha chinkatsitsa nsomba zoti dooko lathu silingaphe ngakhale pa chaka. Kutsidya kwake kunali matanki a mafuta okumbidwa pansi pa nyanja, chuma chimene chinamanga yunivesiteyo. Ife mkatimo tinkakambirana za mmene anthu osauka angasiyire nkhuni ndi makala mwachilungamo, popanda wopwetekedwa. Akafuna chitsanzo, onse ankatembenukira kwa ine. Poyamba ndinkanyada nazo.

Kunyumba ankayesa ndikusesa ndalama. Zimene ankandipatsa zinkathera lendi ndi chakudya, zotsalazo ndinkatumiza. Mauthenga a kwathu ankayamba ndi moni n'kuthera pa feteleza, mankhwala a mayi, kapena yunifolomu. A Sitefano okha ndiwo sankapempha kanthu. Ankangonditumizira mawu ojambula, mphepo ikuwomba pafoni, kundiuza kuti mwera wavuta kapena usipa wagwa mtengo.

Chaka chachiwiri ndinabwera kwa miyezi iwiri kudzachita kafukufuku wanga. Asodzi amene ankamuuza pulofesa uja kuti malamulo onse amawatsata, kwa ine anamasuka. Ndinali mwana wawo. A Sitefano anakhala nane pansi pa mtengo wa mango, chojambulira mawu chili pa mpando, n'kundifotokozera zonse: kumene chambo chimaswana m'mabango pamathiriro a mtsinje, njira imene amalowera miyezi yoletsedwa, maukonde a maso aang'ono amene amabisa. Anang'amba pepala m'kope langa n'kujambula mapu ndi dzanja lawo.

"Dzina langa lisatuluke," anatero.

"Silituluka, achimwene. Mudzakhala Msodzi Woyamba."

Dzina silinatulukedi. Mapu ndiwo anatuluka. Pulofesa atawaona anati m'ntchito yanga yonse mulibe chinthu chamtengo kuposa chimenecho. Tinawakonza pa kompyuta, tinawapaka mitundu, anasindikizidwa. Pamsonkhano wina anthu anandiwombera m'manja ataimirira. Mfundo yanga inali yoti asodzi apatsidwe kaye njira ina yopezera chakudya asanaletsedwe. Mfundoyo inali patsamba lakumapeto. Mapu anali patsamba lachitatu.

Patapita chaka, alamu anga, akazi a a Sitefano, ananditumizira mawu. Sanapereke moni.

"Alamu, abwera a bungwe loteteza nsomba ndi boti la injini. Aika zoyandama pamabango ponse paja, ndendende, ngati wina anawagwira dzanja. Maukonde atatu awotcha padooko anthu akuona. Bwato atenga. Achimwene anu sakudya."

Ndinamvera uthengawo nditaima pamalo okwerera basi, chipale chofewa chikugwa. Ndinaimba, a Sitefano sanayankhe. Ndinatumiza ndalama, anazibweza. Nditamuuza pulofesa, anagwira pachifuwa n'kunena kuti n'zomvetsa chisoni. Kenako anati ndisaiwale kuti ndi ofufuza ochepa amene ntchito yawo imasintha zinthu msanga chotere, ndipo ndilembe zimenezi pofunsira ntchito. Ndinalembadi. Ndi mmene ndinapezera ntchito imene ndili nayo ku Lilongwe, yofufuza za makala.

Ndinabwerera nditatha zaka zisanu, ndili ndi digiri ya udokotala wa maphunziro, ndipo nditangoyamba ntchito ija ndinapita kumudzi. Minibasi inanditsitsa pa Golomoti masana, dzuwa likuswa mtengo, ndipo wa kabaza anandizindikira asanandifunse kopita. Sanayankhule njira yonse. Padooko ndinaona chinyumba cha pulasitiki chimene bungwe lija linamanga kuti amayi aziumitsira nsomba ndi dzuwa m'malo mowamba ndi nkhuni. Pulasitikiyo inali itang'ambika, pachitseko pali loko, kiyi ali kwa wapampando wa komiti. Mkati munali mbuzi imene inalowera pobowoka.

Mayi anandikumbatira, anandinunkhiza m'khosi ngati khanda. Madzulo ake amayi a m'mudzi anabwera kudzandiona. Tinaseka, anandifunsa ngati azungu amadya bonya. Koma foni yanga itangolira ndi kuitulutsa, macheza anazima. Mayi aang'ono anayang'ana foniyo n'kufunsa motsitsa mawu, "Yazimitsidwa imeneyo?"

A Sitefano anafika mawa lake akukankha njinga. Anali ataonda, tsitsi litachita mbuu. Anavula chipewa.

"Mwafika, adokotala? Mwayenda bwanji?"

Munthu amene anandibereka kumsana podutsa mtsinje popita kusukulu, lero akunditchula inu. Ndinagwada. Mawu onse amene ndinakonza m'ndege anathawa, ndinangoti, "Achimwene, ndinalakwa."

Anapukuta thukuta ndi chipewa chija.

"Simunaname ayi. Zonse munalemba n'zoona. Alendo akhala akubwera kuno ndi makope awo kuyambira tili ana. Timawapatsa mpando, timawauza zimene akufuna kumva, amapita, ife n'kutsala ndi nyanja yathu. Inu tinakuuzani zoona chifukwa tinkati ndinu wathu. Olakwa ndi ife."

Sanakweze mawu. Bola akanandilalatira.

Ndili kunja ndinkaganiza kuti kwathu anthu amangolandira aliyense ndi mtima woyera, ndipo ndinkawauza anzanga choncho monyadira. Tsiku limenelo ndinaona kuti ulemu wathu uja ndi mpanda. Umasunga zimene mudzi umadyera. Ine ndinakulira mkati mwake osauona, ndipo ndine ndinautsegula.

Alamu anabweretsa madzi. Pamene a Sitefano ankalandira kapu, ndinaona zikhadabo zawo zakuda bii, ndi zipsera za moto pamikono. Panjinga paja panali matumba awiri opanda kanthu, akuda mkati. Aliyense akudziwa kuti utsi umene umafuka m'mapiri a kumtunda kwa Mua si wa anthu otentha tchire. Ndinafunsa, ndipo ndikulumbira kuti ndinafunsa ngati mlongo wawo.

"Nanga masiku ano mukudya chiyani, achimwene?"

Anamwa madzi, anayang'ana chikwama changa chimene chinali ndi chizindikiro cha kuntchito.

"Timalima, adokotala. Kachimanga, kanandolo. Mitengo ife sitidula, tinaphunzitsidwa kuti imabweretsa mvula."

Ndinayang'ananso manja aja. Iwo anandiyang'ana m'maso osaphethira, kudikira.

"Mukuchita bwino," ndinatero.