Dzanja Lothira Mchere

Amuna anga ankaliza mkonono woti nkhuku m'khola zinkadzidzimuka. Sindikukokomeza ayi. Chikwatiwireni ku Mlangeni, kumene ndinapita pachitengwa kuchokera kwathu kuchigwa cha mpunga, ndinazolowera kugona pambali pa chigayo. Chimene sindinachizolowere ndi chomwe chinayamba atanenepa. Mkonono uja unkati ukalira, n'kuduka mwadzidzidzi, munthu zii, chifuwa osayenda. Ndinkawagunda ndi chigongono mpaka adzidzimuke ngati wotsamwa ndi fupa, ndiye kukacha amvekere, "Mayi, ndinakulakwirani chiyani kuti muzindimenya kutulo?"

Masana ankasinza paliponse, kutchalitchi, pamaliro, ngakhale pangolo chikwapu chili m'manja. Tsiku lina ng'ombe zinabwera nawo zokha pakhomo, matumba a mbatatesi ali kumbuyo, eniake mutu uli pachifuwa.

Mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito ku Blantyre, ndiye anawatengera kuchipatala cha kumeneko. Anawagoneka atawamata timawaya, ndipo adokotala anati pakhosi pawo pamatsekeka akagona, mpweya sudutsa, mtima ungadzatope nazo. Anabwerako ndi kamakina kangati wailesi, ka paipi yaitali ndi chovala cha pamphuno chomangira kumutu. Kamakinako kamapopa mpweya kuti njira isatsekeke munthu ali m'tulo. Mwanayo anatigulira batire ndi sola, poti ife magetsi timangowaonera kumsewu.

Ine poyamba kamakinako ndinkakayang'ana ndi diso limodzi. Chinthu chopumira munthu, nanga tsiku lina chikadzanyanyala? Koma mkonono unatha, bambo anayamba kudzuka maso ali gwa, n'kumakafika kumunda anzawo asanafike. Ndinayamba kukapukuta fumbi, mpaka ndinakalukira kansalu kofunda.

Walira mvula walira matope. Chisanu chitafika, ndipo amene sanagonepo kumtunda kuno mwezi wa Juni kuzizira sakudziwa, mpweya wa makina uja unawaumitsa m'mphuno mpaka munatsekeka. Chovala chija ankachizula n'kuchiponya pansi, akuti chikuwabanika. Tinapita kuchipatala chathu chaching'ono, ndipo anamwino anatipatsa jekeseni yaikulu yopanda singano.

"Amayi, muziwiritsa madzi, azizire mpaka akhale ofunda ngati osambitsira khanda," anatero anamwinowo. "Muzithiramo mchere theka la kasipuni ka tiyi m'kapu yaikulu, osapyola. Abambowa aziwerama pabeseni, mutu chopendekera, azipopera mphuno iyi madzi azitulukira inayo. M'mawa ndi madzulo."

Ntchitoyo ndinaitenga ngati yanga. Ndinapatula kapu yakeyake, ndipo ketulo yoyamba m'mawa inali ya mphuno, tiyi pambuyo. Bambo ankawerama kuseri kwa nyumba, akumina ndi kutsokomola ngati mbuzi yomwetsedwa mankhwala, ine ndikuwaseka. Zinayamba kuthandiza.

Tsidya lina la bwalo lathu kunali nyumba ya alamu anga, achemwali awo aakulu a bambowo, amene anabwerera kumudzi amuna awo atamwalira. Anali mayi oti akakhala pakhonde akusenda nyemba, maso sakhala pa nyembazo. Ankadziwa nthawi imene ndatuluka, nsalu imene ndavala, ndi imene ndabwera nayo. Kwa iwo ndinali mtengwa wa kuchigwa, ngakhale ndinali nditabereka ana pamudzipo mpaka kuwakwatitsa.

M'mawa wina anandipeza ndikutakasa kapu ija. Anaima, manja kumbuyo, n'kusuzumira.

"Alamu, mcherewo mwathira ndinu?"

"Nanga athire ndani?"

"Ayi, ndangofunsa ine. Dzulo munafika kutada eti?"

"Lole inaphulika tayala pobwera."

"Ooh," anatero. "Matayala a masiku ano."

Ndiyenera kufotokoza za loleyo. Chiyambireni bambo kusinza, ulendo wokagulitsa mbatatesi kumsika wa Lizulu ndinautenga ndine, ndipo ngakhale atapeza bwino sindinausiye, poti ogula anali atandizolowera. Tinkakwera lole ya dalaivala wina wanthabwala, woseka ndi aliyense, amene ankandisungira malo kutsogolo chifukwa cha msana wanga. Ndinali ndisanathe nthawi imeneyo, ndinene ndekha poti palibe wina angandinenere. Koma sindinayendepo ndi mwamuna aliyense, dalaivala kaya wina.

Tsono kwathu kuno mchere sagwira mwachisawawa. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amapempha mnzake. Mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kubwera kudzathira mchere, mwamuna wake amadwala tsempho, amatupa, kutsokomola, mpaka kutuluka magazi. Tonsefe timapemphera, timavala zoyera Lachinayi, koma mawu amenewa tinawamva tili atsikana ndipo sanachoke m'makutu. Ndiye taganizani, mkazi wobwera kutada, mchere wake osadzeranso m'ndiwo koma kulunjika m'mphuno mwa mwamuna, pafupi ndi ubongo.

Tsoka ilo, sabata yomweyo m'beseni munaoneka kamzere ka magazi. Anamwino anali atanena kale kuti mphuno youma imatero, koma beseni analiona ndi alamu ine ndisanataye madzi. Madzulo ake ndinawaona atakhala ndi achimwene awo pansi pa nkhokwe, mitu pamodzi, ndipo nditayandikira anayamba kukamba za feteleza.

Kutacha ndinapereka kapu monga mwa masiku onse.

"Ikani pomwepo mayi, ndichita ndikamwa tiyi," anatero bambo.

Mawa lake chimodzimodzi. Kapu inkabwera yopanda kanthu, yotsukidwa bwinobwino, ndipo pomwepo mpamene ndinayambira kukayika. Mwamuna ameneyu chibadwire sanatsukepo kapu. Komanso kutsuka mphuno kuli ndi phokoso lake, ndipo kuseri kwa nyumba kunali chete. Ndinazungulira kukayang'ana. Patsinde pa mtengo wa mapichesi panali potuwa mbuu, ndipo mbande za mpiru zomwe ndinafesa pamenepo zinali zitafota.

Ndinaganiza kuti angotopa nazo, monga achitira amuna ndi mankhwala akangopezako bwino. Ndinakonzeka kuwakalipira. Koma ndinaona kuti jekeseni ija sinkakhala pawindo pamene ndinkaisiya, ndipo pobwerera inkakhala yonyowa. Ndiye m'mawa wina ndinatsazika kuti ndapita kudimba, n'kukhotera kuseri kwa khola la ng'ombe. Sipanapite nthawi ndinamva kumina kuja, kukuchokera kuseri kwa nyumba ya alamu. Ndinasuzumira pampanda. Amuna anga anali atawerama pabeseni la eni, jekeseni yanga ili m'manja, achemwali awo atawagwirira kapu.

Zinandipweteka kwambiri. Akanakhala kuti akutaya madziwo chifukwa chosakhulupirira mankhwala, ndikanawazazira tsiku limodzi n'kuiwala. Koma mankhwalawo ankawakhulupirira ndithu, mpaka kuwayendera mobisa ngati chibwenzi. Chimene sankachikhulupirira chinali dzanja langa. Ndinapita kudimba n'kukalima mzere womwe ndinali nditaulima kale dzulo lake.

Sindinalankhule. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo alamu anakhala pamkhate penipeni. Ndikanawatukwana, mudzi wonse ukanati mtengwa wapsa mtima chifukwa amugwira. Ndinapitiriza kuwiritsa madzi, bambo anapitiriza kuthirira mapichesi, tonse tikudyera mbale imodzi ngati palibe kanthu. Ndinayamba kukayikira chilichonse. Akandifunsa kuti msika unali bwanji, ndinkamva ngati akundizenga mlandu. Akandiyamikira ndiwo, ndinkayang'ana ngati akudyadi. Azimayi kuchitsime akatsitsa mawu, ndinkati akunena ine, mwina akunena za mbuzi zawo.

Koma alamu mchere ankathira ndi chikhatho, muyeso wa m'nyemba, m'madzi ozizira ongotunga mumtsuko. Ankati mankhwala osawawa sachiza. Mphuno ya bambo inatupa, inafiira ngati tomato, misozi osaleka, magazi n'kumatuluka kuposa kale. Ndipo magazi akachuluka, alamu ankagwedeza mutu kuti mwaona, chinalowa kale m'thupi, ndiye n'kuwonjezera mchere. Chovala cha pamphuno chinakanika kuvalika, makina anakhala pampando atafunda kansalu kawo, mkonono unabwerera pamodzi ndi kuduka kuja. Ndinayambiranso kuwagunda ndi chigongono, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinkagunda mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira.

Tsiku limene anasinza akusenga nsungwi, chikwanje n'kuwagwera pafupi ndi phazi, ndinati basi. Ndinatenga ketulo, kapu, kasipuni ndi paketi ya mchere, n'kuziika pamphasa pakhonde. Ndinaitana alamu, ndinaitana bambo.

"Bambo, ndifunseni," ndinatero.

"Ndikufunseni chiyani mayi?"

"Chimene chikukupititsani kuseri kwa nyumba ya achemwali anu ndi jekeseni m'thumba. Ndifunseni pano, ndikuyankheni pano."

Anayang'ana zala za kumapazi. "Palibetu amene wanena kanthu, mayi."

"N'chimene chikundiwawacho. Bola munene."

"Alamu, musakwiye," analowererapo alamu, mawu ofewa ngati akundipepesa maliro. "Ife sitikuloza munthu chala. Koma galu wamkota sakandira pachabe. Mlongo wangayu ndi mmodzi yemweyu, ndikamutaya ndilibenso wina."

"Ndiye mukumupulumutsa pomuthira mchere wa m'nyemba m'mphuno? Tamuonani nkhopeyo, ngati walumidwa ndi njuchi!"

Nkhopeyo inali pomwepo ikuoneka. Ndinathira madzi ofunda m'kapu, n'kukankhira paketi ndi kasipuni kutsogolo kwa amuna anga.

"Chabwino," ndinatero. "Madzi ndiziwiritsa ndine, poti madzi alibe mlandu. Mchere muzithira nokha ndi dzanja lanu, theka la kasipuniko monga ananenera anamwino. Langa lisakhudze, la achemwali anu lisakhudze."

Ndinanena zimenezi ngati msampha. Ndinkadziwa, kapena ndinkaganiza kuti ndikudziwa, kuti mwamuna amene ndinamuberekera ana achita manyazi, akankha paketiyo n'kunena kuti zamkutu izi, thirani inu mayi. Ndinali nditakonzeka kale kuwakhululukira. Iwo anatenga kasipuni, anatapa mchere, anagwedeza pang'ono kuti utsale theka, n'kuthira.

"Mwaganiza bwino mayi," anatero, nkhope itamasuka ngati munthu amene watula katundu.

Mphuno inaphwa. Magazi analeka, makina anayambiranso ntchito, m'nyumba munabwerera bata. Ndipo pamenepo mpamene ndinagonjera mlandu, chifukwa alamu anayenda nayo nkhani mudzi wonse kuti taonani, dzanja la mtengwa litangochoka pamchere, munthu wachira. Ndikanatsutsa bwanji? Kuti ndidziyeretse, panafunika kuti amuna anga adwalenso, ndipo zimenezo sindikanazifuna ngakhale pa tsiku limene ndinawakwiyira kwambiri. Kuchira kwawo kunakhala umboni wonditsutsa, ndipo ine ndemwe ndinkauwiritsira madzi m'mawa uliwonse.

Ku Lizulu sindinasiye kupita, ndipo malo a kutsogolo m'lole sindinawasiye. Kusiya kukanakhala kuvomera. Mwana wathu akaimba foni kufunsa za makina, ndinkangoti akugwira bwino ntchito, ababa ako akugona ngati khanda. Zinazo sindinamuuze. Chodabwitsa n'chakuti ndiwo zanga bambo ankadya osafunsa kuti wathira mchere ndani. Mantha a munthu amasankha, sadana ndi mimba.

Zaka zapitapo. Alamu tinawaika, ndipo pa matenda awo ndinawasambitsa ndi kuwaphikira phala ndine, lamchere wake, iwo n'kumamwa. Makina oyamba aja anatopa, mwana anabweretsa ena. Mwambo wa pakhonde wokha sunasinthe. Ine kubweretsa kapu ya madzi, iwo kutulutsa kasipuni. Nkhani ija sitinaikambenso, ndipo funso lija sanandifunse.

Chisanu chathachi manja awo anayamba kunjenjemera. M'mawa wina ndinawaona akulimbana ndi kasipuni, mchere ukumwazika pamphasa, wofika m'kapu wochepa. Anayesa kachiwiri, chimodzimodzi. Ine ndinangoima ndi ketulo, osawathandiza. Kenako anandipatsira kasipuniko.

"Thirani inu mayi."

Mtima unagunda ngati wa mtsikana. Ndinaika ketulo pansi pang'onopang'ono.

"Simukuopa?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana kuyambira kuimvi mpaka kumapazi, n'kuseka kuseka kwa chikondi ndithu, kopanda njiru.

"Aa, mayi," anatero. "Ndi ukalamba umenewu, angakutengeninso ndani?"

Ndinathira mcherewo, theka la kasipuni, n'kutakasa mpaka unasungunuka. Ndinawapatsa kapu ndi manja awiri, n'kulowa m'nyumba iwo akadasekabe.