Usipa Pamphepo ya Jenereta

Amuna anga ankayang'anira jenereta pa chigayo china cha mpunga kufupi ndi Chia. Sukulu sanapite nayo patali, koma mphuno anali nayo. M'mawa uliwonse akaliza injini, ankawerama pamene pankatulukira mphepo yoziziritsa makinawo, n'kumanunkhiza ngati munthu wogula fodya. Ankati mawaya a m'katimo anapakidwa vanishi, ndipo akayamba kutentha mopitirira, vanishiyo amamveka fungo mumphepomo utsi usanaoneke. Ukazimitsa pomwepo, makina wawapulumutsa.

Ine ndinkagulitsa usipa. Dzinja lotsatira chisankho choyamba cha zipani zambiri, mvula inagwa mlungu wathunthu osakata, usipa wanga n'kuyamba kuwola pathandala. Ndinaona mphepo ya pajenereta ija, imene inkatuluka yotentha, ikungopita pachabe, ndiye ndinasenza malichero n'kukayanika pomwepo. Unauma bwino zedi, ndisaname.

Bambo a kunyumba anandipempha kuti ndichotse, poti akanunkhiza ankangomva nsomba zokhazokha. Koma ine ndi pakamwa pangapa! Ndinawayankha kuti ino ndi demokalase, zolamulana zinapita ndi chipani chimodzi, ndipo ngati mphuno yawoyo ndi imene imatidyetsa, andionetse ndiwo zimene inagulapo. Sanali munthu wamakani, anangopukusa mutu. Mawa lake ndinabweranso, mlamu wanga ali pambuyo ndi malichero akenso.

Tsiku lachinayi masana, azimayi ali pamzere ndi matumba awo a mpunga, tinangomva phuu, utsi wakuda tolotolo. Mawaya onse anapserera. Amisiri amene anabwera kuchokera ku Lilongwe anati makinawo anakhala akutentha kwa masiku angapo, n'kufunsa kuti woyang'anira anali kuti. Apo n'kuti malichero nditawabisa kale kuseri kwa nthochi.

Pamene bwana wa chigayo ankapanikiza amuna anga ndi mafunso, ine ndinali chiimire pakhomo. Mpata wolankhula ndinali nawo, koma ndinachita mantha kuulula.

"Pepani bwana," anatero amuna anga, "mphuno yanga yakalamba."

Ntchito inathera pomwepo. Anabwerera kukhasu, kumalima chinangwa, ndipo makina sanawagwirenso mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Za usipa uja sananditchulirepo, ngakhale tikangane chotani. Zimandipweteka mpaka lero, bola akanandikalipira. Mphunoyo sinali itakalamba ayi. Zaka zonse zotsatira, ndiwo zikayamba kupserera pamoto ine ndili pomwepo osamva kanthu, iwo ankandiitana ali uko pansi pa mtengo wa mango: "Mayi, ikani madzi mumphikamo."