Ndowa ya dothi ya alamu anga

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, anthu amawatchula kuti a Ndowa. Kwa zaka makumi atatu ankayenda ndi ndowa yachitsulo yomatidwa phula pansi, ndipo m'ndowamo munkakhala dothi.

Dothilo linali la m'dimba la bambo awo. Mkuluyo ankamudziwa letesi. Mutu umodzi unkadzaza manja awiri, ndipo ogula a m'mahotela ankachita kukanganirana pachipata. Atamwalira, mwana wawo sanatengeko luso kapena khama. Anatengako ndowa. Ankakhulupirira kuti chinsinsi cha bambo awo chinali m'dothi, pamene tonse tinkaona kuti chinali m'msana. Kuzula udzu a Ndowa ankati kumawapweteka chiuno. Kunyamula kheni yothirira ankati kumawathyola phewa. Koma wina akangotsegula dimba latsopano, a Ndowa ankatulukira m'mawa atavala jekete, n'kuwaza dothi la bambo awo pabedi loyamba ngati akuthira mchere mumphika.

"Ndakupatsani chiyambi," ankatero. "Musandipatse kanthu, ayi. Ife timangothandiza."

Anthu ankathokoza. Inenso ndinathokoza chaka chimene ndinatsegula dimba langa kumunsi kwa ngalande. Uchitsiru umenewo ndi wanga, sindiukana.

Matenda anayambira m'dimba la malemu lomwelo. Nyengo ina yozizira, mitsempha ya masamba a letesi inayera n'kukula, tsamba n'kukwinyika, n'kungoima chilili osakulunga mutu. Chaka chotsatira zinafika kwa mnzathu wokonza njinga, amene anali atangoyamba kumene dimba. Kenako kwa amayi ogulitsa mbande. Kenako kwa ine. Tinapopera mankhwala a mitundu yonse, osathandiza. A Ndowa anali ndi yankho tsiku lililonse. Lolemba vuto linali mbewu za m'sitolo. Lachiwiri linali feteleza. Lachitatu ankati alimi a masiku ano ndi aulesi, ndipo ankanena zimenezi atakhala pampando.

Mlangizi wathu, mayi woyenda pa njinga yamoto, anazula letesi m'madimba asanu ndi limodzi n'kupita naye kukayeza. Atabwerako anatisonkhanitsa m'shedi yotsukiramo masamba.

Anafotokoza mwachidule. M'dothi muli nkhungu yaing'ono imene imalowa m'mizu. Payokha siiwononga kwambiri, koma imanyamula kachilombo, ndipo kachilomboko ndi kamene kamayeretsa mitsempha ya masamba. Nkhunguyo imayenda ndi madzi kuchoka pamuzu uwu kupita pamuzu uwo. Dothi likauma imangogona, ndipo ikhoza kugona zaka makumi awiri ikudikira letesi. Kupopera masamba n'kutaya mankhwala.

A Ndowa anatola letesi mmodzi pa tebulo, n'kumukutumula, n'kukweza mizu m'mwamba kuti aliyense aone.

"Amayi alangizi, taonani mizu iyi. Yoyera ngati mano a khanda. Nkhungu yanuyo ili pati?"

"Simungaione ndi maso, bambo."

"Nanga inu munaiona ndi chiyani, makutu?"

Anthu anaseka. Alamu anga amakhuta ndi kuseka kwa anthu kuposa chakudya.

Mlangizi sanaseke. Anafunsa ngati pali munthu amene amasamutsa dothi kuchoka dimba lina kupita lina. Aliyense anayang'ana zala zake za kumapazi. Ndowa inali pomwepo, pakati pa miyendo ya mwini wake. Palibe amene anafuna kuchititsa manyazi munthu wamkulu amene anawapatsa chinthu chaulere.

"Alamu," ndinatero ine, "akunena ndowa yanuyo."

"Alamu," anayankha, "nsanje ikukuthetsani tsitsi."

Anthu anasekanso. Koma kuyambira tsiku limenelo zipata zinayamba kutsekeka a Ndowa akamaoneka pamsewu.

Mwana wawo woyamba ndi wamkazi, ndipo nzeru anatengera kwa mayi ake. Anasoka zovala za anthu zaka zisanu ndi chimodzi mpaka anapeza malo kumtunda, kutali ndi ngalande yathu, malo amene sanadzalidwepo masamba chiyambire. Anakumbitsa chitsime chake, n'kuika thanki pa nsanja. Mahotela awiri anamuuza kuti akakhala ndi letesi wabwino sabata iliyonse, adzatenga. M'banja lonse, dothi loyera limene linatsala linali limenelo basi.

Mwanayo anamvera mlangizi mawu ndi mawu. Anazunguliza waya. Pachipata anaika beseni la mankhwala loviikamo nsapato. Makasu anagula atsopano, osabwereka, osabwereketsa. Dothi la mbande ankaliphika mu diramu lisanalowe m'matileyi ofeseramo mbewu. Ine anandilola kulowa nditavala jombo zimene zinkakhala konko.

Tsiku lowokera mbande, bambo ake anafika ndi jekete ndi ndowa.

"Ababa, ndowayo isiyeni panja."

"Iwe, ili ndi dothi la agogo ako."

"Ndikudziwa. Likhale panja."

"Mukumva, alamu? Mwana wobereka ndekha akundiimitsa pachipata ngati wogulitsa makala."

"Ndikumva," ndinatero. "Wogulitsa makala akanalowa. Khalani pamthunzi apo muzitionera tikugwira ntchito. Imeneyo ndiye mumaitha."

Anakhala pang'ono, kenako ananyamula ndowa yawo n'kumapita osatsanzika. Tinaganiza kuti zatha.

Mbande zinagwira bwino. Pofika sabata yachinayi mabedi anali obiriwira kuyambira pachipata mpaka pathanki, ndipo mwana wa mlongo wanga anayamba kuimba pothirira. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti alamu anga sanakwiye nthawi yaitali. Ankamwetulira okhaokha. Akakumana nane ankafunsa kuti, "Letesi wa mwana wanga akuyenda bwanji?" Ndikati bwino, ankagwedeza mutu ngati munthu wodziwa kanthu.

Sanathe kupirira mpaka kukolola. Loweruka lina masana, shedi itadzaza anthu otsuka masamba, anaimirira n'kugogoda ndowa.

"Mwauona letesi wa kumtunda uja? Mukuti ndi beseni la nsapato limene lachita zimenezo? Ndi dothi la bambo anga! Ndinakathira ine."

Ndinasiya mpeni. "Munathira pati?"

"Aa, alamu, ine si mwana. Pabedi akanaona. Ndinatenga kiyi wa mayi ake pamsomali, tsiku limene mwanayo anapita kumsika. Ndinathira theka la ndowa m'thanki, n'kutakasa ndi ndodo. Bedi lililonse lamwa mofanana. Nanga si nzeru zimenezo?"

Ulendo uno palibe amene anaseka. Munthu ameneyu anali m'shedi yomweyi tsiku limene mlangizi ananena kuti nkhunguyo imayenda ndi madzi. Anali kutsogolo kwenikweni, koma ankaganiza nthabwala ya makutu.

Ndinakwera kumtunda kukamuuza mwanayo. Anamvetsera ali ndi payipi m'manja, madzi akutuluka. Anatseka mpope.

"Liti, amalume?"

"Sabata yoyamba."

"Ndiye ndathirira mwezi wathunthu."

Sanalire. Tinakhuthula thanki, n'kupala matope amene anali pansi pake, n'kutsuka ndi mankhwala kawiri. Tinkadziwa tonse kuti tikutsuka chinthu chimene chagawa kale. Pa sabata yachisanu ndi chimodzi ndinamupeza atakweza tsamba kudzuwa. Mitsempha inali itayera. Mabedi a pafupi ndi thanki ndiwo anayamba, enawo anatsatira. Mitu yochepa imene inakulunga inali yaing'ono ngati chibakera cha mwana. Mahotela anapeza mlimi wina.

Mlongo wanga anawafunsa amuna ake kuti anachitiranji zimenezi. Anayankha kuti mbewu za masiku ano n'zachabechabe, ndipo pakanapanda dothi lawo letesiyo akanafa msanga. Mpaka lero amanena zomwezo, ndipo ndikuona kuti amazikhulupirira.

Kumtunda kuja tsopano kuli anyezi ndi nyemba. Letesi alipo pang'ono, m'migolo yodulidwa pakati yokhazikidwa pa mitengo kuti isakhudze pansi, m'dothi lophika. Ndi mizere isanu ndi itatu pamalo pamene panayenera kukhala mabedi makumi anayi. Kiyi wa chipata mwanayo amamumangirira m'khosi, ndipo mayi ake omwe alibe wina. Mlangizi anati zaka makumi awiri. Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri, letesi wa pansi pamenepo sindidzamuona.

Alamu anga akadali ndi ndowa yawo, ngakhale palibe chipata chimene chimawatsegukira. Dzulo masana anafika pawaya, mwana wawo akusonkhezera moto pansi pa diramu.

"Mwana wanga," anakuwa, "ukuphika dothi, udya ndi chiyani?"

Anayang'ana kwa ine kuti ndiseke. Mwanayo sanacheuke. Anandipatsa fosholo, ine n'kupitiriza kutakasa.